Kodi jumbo ingasanduke petulo? Za pulasitiki, ma catalyst ndi sukulu yake

Kanema uja mwina anakufikani kale pa WhatsApp kapena pa TikTok. Mkulu wina wadzaza mgolo ndi majumbo ndi zigubu zakutha, wautseka bwinobwino, wasonkha moto pansi, ndiye kumapeto kwa kapaipi kukudontha timadzi tachikasu. Amatithira mu njinga yamoto, njinga ija n'kulira. Mafuta akangosowa, anthu n'kumagona pa mzere ku filling station, kanemayu amatulukiranso m'magulu athu a ku Likuni ndi ku Chinsapo, ndipo sipalephera kupezeka wina wonena kuti ifenso tiyambe, majumbo kuno ndi mbwee.

Majumbowo ndi mbweedi. Yendani kuseri kwa msika wa Likuni mvula ikangokata, kapena suzumirani m'ngalande za m'mbali mwa msewu wopita m'tauni, muona nokha. Ndipo kanema uja si matsenga ayi, pulasitiki amathadi kusanduka mafuta. Koma pakati pa mgolo wa pa TikTok ndi mafuta oti mungathire mu injini osaipha pali sayansi yambiri, moti kunjaku kuli anthu amene akalambira m'labu akulimbana ndi funso lomweli. Ndaika nkhaniyi pano kuti tizikhala nayo pafupi. Mkangano ukadzabukanso pa gulu, muzingoponya link.

Jumbo ndi chiyani kwenikweni

Jumbo imene amakuikiranimo tchipisi, tomato kapena bonya inapangidwa ndi pulasitiki wotchedwa polyethylene. Gwero lake ndi mafuta a pansi pa nthaka ndi gasi wake, omwewo amene amatipatsa petulo. Ku fakitale amatengako mpweya wotchedwa ethylene, umene molekyulu yake ili ndi maatomu awiri a kaboni ndi anayi a haidrojeni, n'kumalumikiza mamolekyuluwo ngati mikanda pa ulusi mpaka patakhala unyolo wautali.

Apa pali chinthu chimodzi choti mukachigwira zinazo sizivutanso. Gasi wophikira, petulo, palafini, dizilo, kandulo ndi jumbo ndi pachibale. Zonsezi ndi maunyolo a kaboni ndi haidrojeni, chosiyana ndi kutalika basi. Gasi wa mu silinda ali ndi makaboni 3 kapena 4. Petulo amayambira cha m'ma 5 kufika 12. Palafini ndi dizilo amakwera kufika cha m'ma 20. Phula la kandulo lili pakati pa 20 ndi 40. Unyolo wa jumbo uli ndi makaboni masauzandemasauzande. Unyolo ukatalika chinthu chimalimba, ukafupika chimakhala chamadzimadzi, ukafupikitsitsa chimauluka ngati mpweya. Ndiye mkulu wa mgolo uja sakulenga chilichonse, akungodula unyolo wautali kuti ukhale tizidutswa. Chovuta n'kudula pamalo oyenera, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Polyethylene anapezeka mwangozi mu 1933 ku kampani ya ICI ku England, pamene Eric Fawcett ndi Reginald Gibson ankayesa kupanikiza ethylene mwamphamvu kwambiri. Poyamba kumupanga kunali kodula. Zinthu zinasintha mu 1953, Karl Ziegler wa ku Germany atapeza mankhwala othandiza kulumikiza maunyolowa popanda kupanikiza koopsa kuja. Chaka chotsatira Giulio Natta wa ku Italy anagwiritsa ntchito njira yomweyo n'kupanga polypropylene, pulasitiki wa mabeseni ndi mipando. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1963. Mankhwala a Ziegler aja ndi amene amatchedwa catalyst. Tibwerera kwa iwo.

Chifukwa chiyani jumbo siwola? Tizilombo ta m'nthaka timadziwa kugaya khoko la nthochi ndi chitsononkho, koma unyolo wa polyethylene ndi wautali, madzi saulowa, ndipo mulibe mfundo yofewa yoti n'kuyambirapo kuluma. Dzuwa limangouphwanya kukhala tizidutswa ting'onoting'ono timene timatsalira m'dothi ndi m'madzi. Jumbo ikasowa m'maso sikuti yatha.

Kanambala ka pansi pa botolo

Tembenuzani botolo kapena beseni, nthawi zambiri mupeza kanambala mkati mwa timivi titatu. Manambalawa anayamba ku America mu 1988 ndipo amanena mtundu wa pulasitiki. Satanthauza kuti chinthucho chidzakonzedwanso, ngakhale timivi tija timapusitsa choncho.

Nambala 1 ndi PET, mabotolo a madzi ndi a zakumwa zoziziritsa kukhosi, aja timadzathiramo thobwa ndi mafuta ophikira. Nambala 2 ndi polyethylene wolimba, wa zigubu ndi majumbo ena opyapyala aja amachita phokoso ukawagwira. Nambala 4 ndi m'bale wake wofewa, wa timapepala ta freezes, majumbo ofewa ndi mapepala ofolera nyumba. Nambala 5 ndi polypropylene: ndowa, mabeseni, mipando, matumba a feteleza. Nambala 6 ndi timabokosi toyera ta take away. Nambala 7 ndi zina zonse zosowa gulu. Ndasiyira dala nambala 3 kumapeto. Ameneyo ndi PVC, wa mapaipi ndi zokutira mawaya a magetsi, ndipo muli chlorine wambiri, woposa theka la kulemera kwake. Mumukumbukire ameneyu.

Mitunduyi sigwirizana ikasungunuka. Polyethylene amasungunuka pa madigiri 110 mpaka 130, polypropylene cha m'ma 160, PET mpaka cha m'ma 250. Mukaiphatikiza mu mphika umodzi mupeza chinthu chosweka msanga, chifukwa wina akupserera pomwe mnzake sanayambe n'kufewa komwe. N'chifukwa chake ntchito yaikulu yokonzanso pulasitiki si makina, ndi manja osankha ndi madzi otsukira.

Kwathu kuno ntchitoyi ilipo kale, kungoti sitiitchula dzina lachizungu. Botolo silimakhalitsa pansi, amalitola a thobwa. Beseni losweka ndi mpando wothyoka zili ndi ogula ake pa kilo, ndipo zimakathera ku mafakitale kumene amazigaya, kuzisungunula n'kuumbanso zinthu zina. Ku Nairobi, injiniya wachitsikana Nzambi Matee anatsegula kampani ya Gjenge Makers yosakaniza pulasitiki ndi mchenga n'kupanga njerwa zoyala pansi, ndipo bungwe la United Nations loona za chilengedwe linamupatsa mphoto mu 2020. Njira yosungunulayi ili ndi malire ake. Ulendo uliwonse pulasitiki akalowa pamoto maunyolo ena amaduka, mitundu imasakanikirana, ndiye chotulukacho chimakhala chotsika kuposa choyamba. Ndicho chifukwa zinthu zambiri zopangidwa ndi pulasitiki wakale zimakhala zakuda.

Wosowa mwini ndi jumbo yopyapyala. Kuti ikwane kilo imodzi pamafunika majumbo mazanamazana, ndipo onsewo ali ndi mafuta a tchipisi, magazi a nyama, mchenga ndi matope. Wotola zinyalala akawerengera nthawi yake amaona kuti bola akasake mabotolo. Si kuno kokha. Kafukufuku wa mu 2017 wa Roland Geyer, Jenna Jambeck ndi Kara Lavender Law anapeza kuti dziko lonse linali litapanga matani 8.3 biliyoni a pulasitiki. Pa amene anali atatayidwa, 9 peresenti yokha ndi imene inakonzedwanso, 12 peresenti inawotchedwa, 79 peresenti ili kumtaya ndi m'chilengedwe.

Kumtaya wa mzinda uno, ku Area 38, kumafika gawo chabe la zinyalala zathu. Zambiri za m'makomboni zimathera kudzala, n'kuyatsidwa madzulo. Ndipo tisanamizane, tonse tinayatsirapo mbaula ndi jumbo makala akakhala onyowa. Moto wa padzala si wotentha mokwanira kuti umalize pulasitiki, ndiye umatulutsa mwaye ndi mpweya wa carbon monoxide. Mukakhala PVC muja, utsiwo umanyamula asidi woyabwa m'maso ndi pakhosi, komanso poizoni wotchedwa dioxin. Dioxin satha msanga. Amakhala m'phulusa ndi m'dothi, nkhuku zikamafukula padzala amalowa m'mafuta a m'thupi mwake ndi m'mazira, ndipo mtundu wake woopsa kwambiri uli pa mndandanda wa zinthu zoyambitsa khansa. Zotsala ku motowo mvula imazikokolola kupita mu mtsinje wa Likuni ndi wa Lilongwe. Mtsinje wa Lilongwe ndi umene a Lilongwe Water Board amatungamo madzi amene timamwa, ndipo kumunsi umakakumana ndi Linthipe n'kukathira m'nyanja ku Salima.

Catalyst, kapena kuti chimera cha mu fakitale

Amene munaonererako agogo akuphika thobwa mukudziwa kale catalyst, dzina lokha ndi limene linali lachilendo. Phala la ufa limakhala lolimba, losatsekemera. Amalisiya lipoleko, n'kuthiramo chimera, n'kuvundula. Pakapita nthawi phala lija lasungunuka ndipo layamba kutsekemera, chonsecho shuga sanathiremo. Chachitika n'chakuti ufa uli ndi maunyolo aatali a sitachi, ndipo m'chimera muli enzyme yotchedwa amylase imene imadula maunyolowo kukhala shuga. Chimera chochepa chimasintha mphika wonse, chifukwa enzyme ikadula apa siitha, imapita kukadula pena. Ndipo agogo amadziwa kuti ukachithira phala likadali lowira, chimera chimafa, thobwa silitsekemera.

Catalyst ndi chimenecho: chinthu chofulumizitsa kusintha kwa zinthu zina, chotsitsa moto wofunika, koma icho osatha. Dzinali analipereka ndi Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden mu 1835. Ma catalyst abwino amachitanso chinthu china chachiwiri, amasankha. M'malo moti zinthu zisweke mwachisawawa, amazitsogolera kuti zituluke zimene ukufuna.

Timakhala nawo tsiku lililonse. Feteleza wa urea amene timalimbirana pa depoti amachokera ku ammonia, ndipo ammonia amapangidwa pophatikiza naitrojeni wa mumlengalenga ndi haidrojeni pamwamba pa catalyst yachitsulo. Njirayi anaipeza ndi Fritz Haber mu 1909, Carl Bosch n'kuikulitsa kukhala fakitale mu 1913. Ku ekizozi ya galimoto kuli kabokosi kotchedwa catalytic converter, kamene kamasintha utsi woipa kukhala wocheperako poizoni. Mkati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo zodula zedi, n'chifukwa chake akuba amakakonda ndipo ogula galimoto yakale amayamba asuzumira pansi. Ku Secunda, ku South Africa, kampani ya Sasol imapanga petulo ndi dizilo kuchokera ku malasha, nayonso podalira ma catalyst.

Ndiye funso la akatswiri ndi ili: ngati catalyst ya Ziegler inamanga unyolo, kodi palibe ina yoti iumasule?

Zimene zapezeka m'labu

Kwa PET yankho likuoneka. Unyolo wa botolo uli ndi mfundo zokhala ndi okosijeni, ndipo mfundo zimenezo zimamasuka. Mu 2016 akatswiri a ku Japan analengeza kuti apeza bakiteriya pa malo okonzera mabotolo mu mzinda wa Sakai amene amadya PET, ndipo anamutcha Ideonella sakaiensis. Enzyme yake imadula botolo ngati mmene chimera chimadulira phala, kungoti mochedwa. Mu 2020 kampani ya ku France ya Carbios, pamodzi ndi akatswiri a ku Toulouse, inaonetsa enzyme ina yokonzedwa imene inaphwanya 90 peresenti ya PET m'maola 10. Zotulukazo amapangiranso botolo latsopano, labwino ngati loyamba. Anatsegula fakitale yoyesera ku Clermont-Ferrand mu 2021, koma fakitale yaikulu imene ankamanga inachedwa chifukwa cha ndalama.

Jumbo ndiye nkhani ina. Unyolo wake ndi kaboni kugwirana ndi kaboni kuyambira koyamba mpaka kumapeto, mfundo zonse zofanana, zonse zolimba. Njira yakale ndi ija ya mu mgolo, dzina lake pyrolysis: kutenthetsa pulasitiki pa madigiri 400 mpaka 500 kapena kuposa, mopanda mpweya wa okosijeni, kuti asayake koma asweke. Moto paokha umadula paliponse, ndiye chimatuluka ndi chisakanizo cha gasi, mafuta opepuka, mafuta olemera ndi phula lambiri. Mukaikamo catalyst yotchedwa zeolite, mwala wokhala ndi timabowo tating'ono kwambiri, moto wofunika umatsika ndipo mafuta opepuka amachuluka.

Mu 2020 gulu la pulofesa Susannah Scott ndi Mahdi Abu-Omar ku University of California, Santa Barbara, linasindikiza zotsatira mu magazini ya Science. Anatenga polyethylene, n'kumuika pamodzi ndi timadontho ta platinum tomwazidwa pa alumina, n'kutenthetsa pa madigiri 280 okha. Chinatuluka si mafuta oyatsa, koma mankhwala amadzimadzi a mtundu umene amapangira sopo wochapira ndi mafuta ofewetsa makina, amene mtengo wake umaposa wa petulo. Ganizo lake linali lakuti ngati chotulukacho chili chodula, ndiye kuti jumbo yakhala ndi mtengo, ndipo chinthu cha mtengo sichigona m'ngalande. Mu 2024 gulu la John Hartwig ku Berkeley linaonetsa njira ina, yogwiritsa ntchito ma catalyst otchipirako a sodium ndi tungsten, imene imabwezera polyethylene ndi polypropylene ku mipweya yopangira pulasitiki watsopano.

Musathamange kukafunsa ngati fakitale yake ikubwera ku Kanengo. Zoyesazi zimachitika ndi magalamu ochepa a pulasitiki, osati matani. Ma catalyst nawo amafa, monga chimera m'phala lowira. Chlorine wa PVC, utoto, mchere ndi zotsalira za chakudya zimawatseka, ndipo jumbo ya pa msika ili ndi zonsezo. Platinum ndi wodula, ngakhale kuti wambiri wa dziko lonse amakumbidwa kwa aneba athu ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Fakitale yotere imafuna magetsi osazima usana ndi usiku. Ndipo chopweteka kwambiri n'chakuti pulasitiki watsopano ndi wotchipa, moti wokonza wakale amapikisana ndi mtengo umene sangaufike. Kuona kwanga, sayansiyi ndi yeniyeni ndipo ikupita patsogolo, koma aliyense wokuuzani kuti yathetsa kale vuto la majumbo akufuna kukugulitsani kena kake.

Tibwerere ku mgolo uja

Tsopano mutha kuona zimene kanema uja sakuonetsa. Mu mgolo wa pakhomo palibe choyezera kutentha chodalirika, ndiye maunyolo amaduka mwachisawawa. Timadzi tachikasu tija ndi chisakanizo, ndipo tikazizira gawo lina limaundana ngati phula. Njinga ikhoza kulira pa kamera, koma funsani kabaza aliyense ngati angalole kuti mu kabureta yake mulowe kandulo. Mukaponyamo mabotolo a PET mafuta amatuluka ochepa, m'malo mwake mumatuluka asidi wouma amene amatseka mapaipi, ndipo mgolo wotsekeka uli pamoto ndi bomba. Mukaponyamo paipi ya PVC mumatuluka asidi wodya zitsulo ndi mapapo omwe. Gasi wosasanduka madzi amatulukira pambali, pafupi ndi moto womwe mwasonkha uja. Ndipo nkhuni kapena makala otenthetsera mgolo kwa maola ambiri mwawerengera ndalama zake?

Aise, ngati mtima uli pa bizinesi ya pulasitiki, ndalama yooneka ili pa kusankha, kutsuka ndi kugulitsa pa kilo nambala 1, 2 ndi 5. Za mgolo zisiyeni.

Lamulo la ma micron 60

Popeza jumbo yopyapyala ilibe woitola ndipo sayansi sinaipezere njira yotchipa, mayiko ambiri anangoganiza zoiletsa. Rwanda inaletsa mu 2008, Kenya mu 2017, Tanzania mu 2019. Malawi inakhazikitsa lamulo lake mu 2015, loletsa kupanga, kuitanitsa, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60. Micron imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000, ndiye ma micron 60 ndi pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Nzeru yake ndi yoti jumbo yokhuthala umaigwiritsa ntchito kangapo, ndipo ikatha imalemera mokwanira kuti wina aitole.

Kuyambira pamenepo nkhaniyi yakhalira kukhoti. Makampani opanga mapulasitiki anakatenga chiletso, mlandu n'kuyenda mpaka ku Supreme Court, imene pa 31 July 2019 inagamula kuti lamulolo ligwire ntchito. Mmodzi mwa amene anatsogolera kampeni nthawi imeneyo ndi Gloria Majiga-Kamoto, amene ankagwira ntchito ku bungwe la CEPA ku Blantyre. Iye anayamba kuikapo mtima ataona mbuzi za alimi amene ankagwira nawo ntchito zikufa chifukwa chodya majumbo, ndipo mu 2021 analandira mphoto ya Goldman, imodzi mwa mphoto zikuluzikulu za chilengedwe pa dziko lonse. Lipoti limene linagwiritsidwa ntchito kwambiri pa kampeniyo linati Malawi imapanga matani 75,000 a pulasitiki pa chaka, ndipo 80 peresenti ndi wogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya.

Chigamulo cha 2019 sichinatseke nkhani. Mu 2021 kampani ya Golden Plastics inakatenganso chiletso, ndipo inadzausiya mlanduwo mu June 2024. Boma litangolengeza kuti liyamba kulanga, makampani ena 11 anathamangiranso kukhoti. Khoti lalikulu ku Lilongwe linachotsa chiletso chimenecho kumapeto kwa January 2025, ndipo bungwe la MEPA linati lamulo liyamba kugwira ntchito mu February chaka chomwecho. Zaka khumi zathunthu. Kuti lamulolo likugwira bwanji pansi pano, pitani mukagule tomato wa K500 muone chimene akuikireni.

Sukulu yake

Anthu amene amachita kafukufuku wotereyu ambiri anaphunzira chemistry kapena chemical engineering. Kusiyana kwake n'kotere: wa chemistry amapeza kuti chinthu chikutheka mu kabotolo ka m'labu, injiniya amafunsa kuti tichita bwanji kuti chitheke pa matani 100 tsiku lililonse, moto uchokera kuti, paipi ikhale yaikulu bwanji, chingaphulike n'chiyani, ndipo phindu lilipo kapena ayi. Ambiri amaganiza kuti ndi chemistry yokhayokha. Ayi ndithu, masamu ndiye ochuluka, kutsatira physics.

Kuno ku Malawi digiri ya chemical engineering imaphunzitsidwa ku MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, yunivesite imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Ndi maphunziro a zaka 5. Chemistry payokha mutha kuitenga ku University of Malawi ku Zomba, ndipo imeneyonso ndi njira yabwino yolowera ku kafukufuku wa ma catalyst. Kusankhidwa kumadzera ku NCHE potengera zotsatira za MSCE. Pamafunika ma credit osachepera 6 kuphatikizapo English, koma pa mpikisano umene ulipo, credit wamba mu Mathematics, Physics ndi Chemistry sakufikitsani patali. Ngongole ya fizi ndi upkeep imapemphedwa ku Loans Board. Apa ndilankhule ngati munthu amene anasiyira yunivesite panjira chifukwa cha ndalama: fomu ya ngongole muziitenga ngati mayeso, mapepala onse akhale okonzeka nthawi isanakwane, ndipo kunyumba mukambirane za chaka chachitatu ndi chachinayi musananyamuke, osati za chaka choyamba chokha.

Womaliza digiriyi sasowa kolowera ngakhale mipata ndi yochepa. Shuga wa Illovo ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ethanol wa Ethco ku Dwangwa ndi PressCane ku Chikwawa, simenti ya Shayona ku Kasungu, makampani a zakumwa, a mafuta ophikira ndi sopo, ma water board, Malawi Bureau of Standards, MEPA, konseku kuli ntchito ya injiniya wotere. Malo oyeretsera madzi a Lilongwe Water Board ali pa msewu wathu womwewu wa Likuni, ndipo zimene zimachitika mmenemo, kuthira mankhwala ogwetsa matope, kusefa, kuyeza chlorine, ndi zimene amaphunzira m'kalasi. Ethanol amene amasakaniza mu petulo wathu nayenso ndi ntchito ya ma enzyme a yisiti pa zotsalira za nzimbe.

Njira ya uphunzitsi wa pa yunivesite ndi kafukufuku ndi yaitali kuposa apa. Ukamaliza digiri yoyamba, makamaka ukakhoza bwino kwambiri, umatha kutengedwa ngati wothandizira kuphunzitsa. Kenako masters, chaka chimodzi kapena ziwiri. Kenako PhD, zaka 3 mpaka 5 pa funso limodzi lopapatiza, mwina loti n'chifukwa chiyani catalyst inayake imafa ikakumana ndi chlorine. Ambiri amawonjezera zaka zina akugwira ntchito mu labu ya pulofesa wina asanapatsidwe labu yawoyawo. Kukwera kuchoka pa lecturer kupita pa senior lecturer, associate professor mpaka professor kumadalira zimene wafufuza n'kusindikiza, ophunzira a masters ndi PhD amene wawatsogolera, ndi ndalama za kafukufuku zimene wabweretsa. Kuphunzitsa bwino kokha sikukweza munthu.

Onani ulendo wa Susannah Scott uja. Digiri yoyamba ya chemistry anaitenga ku University of Alberta ku Canada mu 1987, PhD ku Iowa State University mu 1991. Anapita ku Lyon ku France kukagwira ntchito pa malo ofufuzira ma catalyst, n'kubwerera ku Canada kukaphunzitsa ku University of Ottawa mu 1994, kenako kusamukira ku Santa Barbara mu 2003. Ntchito yake yambiri inali pa ma catalyst, kuphatikizapo aja omanga pulasitiki, ndipo zotsatira za kumasula jumbo zinatuluka patatha zaka 33 chitengereni digiri yoyamba.

Zipangizo zoonera catalyst ikugwira ntchito ndi zodula kwambiri, choncho Mmalawi wofuna mbali imeneyi nthawi zambiri amayenera kutuluka pa masters kapena PhD. Kufupi kwathu ndi ku South Africa, kumene University of Cape Town ili ndi malo akale ndi odziwika ofufuzira ma catalyst mu dipatimenti yake ya chemical engineering. Ndalama zake anthu amazisaka ku Commonwealth Scholarships, ku DAAD ya ku Germany, ku Mastercard Foundation, ndi ku Beit Trust imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Onsewa amayang'ana magiredi a digiri yoyamba, kalata za aphunzitsi ako, ndi pulojekiti imene unachita chaka chomaliza. Pulojekiti yoyeza mitundu ndi kulemera kwa pulasitiki wotuluka pa msika umodzi ngati wa Likuni kwa mwezi wathunthu imafuna sikelo, magolovesi ndi kope basi, ndipo aliyense wofuna kumanga fakitale yokonza pulasitiki amayamba wafunsa manambala amenewo.

Kwa ang'ono athu a pa Likuni Boys, Likuni Girls ndi ma CDSS ozungulira kuno, mphambano ili pa Form 3, posankha maphunziro. Ambiri amataya Physics kapena Chemistry pamenepo pofuna kuteteza ma points, n'kudzazindikira ali ndi fomu ya NCHE m'manja kuti mapulogalamu onse a engineering akufuna maphunziro omwe anawasiya aja. Ngati pasukulu panu palibe labu kapena mphunzitsi wa Chemistry, funsani msanga za makalasi a open pa sukulu ina yapafupi imene ili nazo, mukadali mu Form 2.